Fumbi lochokera pa damu louma: kodi n'chimodzimodzi ndi la mumsewu?

Mayi wa ku Mchini
Abale, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Sabata yatha ndinapita kwa amayi kumudzi, cha ku Chadiza, ndi mwana wanga wa zaka 6, uja amavutika ndi mphumu. Kuseri kwa mudzi kuli damu limene tinkasambamo tili ana. Chaka chino laphwa. Kwangotsala kathamanda kamodzi pakati, kwina konseko ndi matope ong'ambikang'ambika. Ikakwana masana mphepo n'kuyamba, fumbi likudzuka pa damupo n'kubwera molunjika kumudzi. Si lofiira lija la mumsewu ayi. Ndi lotuwa, losalala ngati ufa woyera, limalowa ngakhale mu ndowa yovindikira. Usiku wachiwiri mwana anabanika, tinathamanga naye kuchipatala pa njinga yamoto. Panopa ali bwino, tabwerera ku Chipata. Koma amayi akuti fumbi ndi fumbi basi, damu lilibe mlandu. Ine mtima ukukana. Alipo amene akudziwa?

Namwino wopuma ntchito
Pepani mwanawe, Mulungu wakuchitirani chifundo. Inhela, kopopera mankhwala a mphumu kaja, isamachoke m'chikwama miyezi inoyi. Zina ndinena ndikamaliza kuphika.

Wa njinga ku Kapata
Pepani achemwali. Koma ine ndili mbali ya amayi anuwo. Ndimakhala pamsewu kuyambira 5 koloko m'mawa, ndipo fumbi limene ndimameza ndi la misewu yopanda phula ya m'makomboni, kuphatikiza utsi wa anthu otentha tchire posaka mbewa. Kuno kum'mawa kulibe nyanja. Tisasiye chimene chili pamphuno n'kukasaka chakutali.

Mphunzitsi wa ku Katete
Achimwene a njinga, za misewu ndi utsi simunaname, m'tauni ya Chipata zimenezo ndiye zochuluka. Koma zimene amayiwa aona ndi zoona, ndipo maso awo aona bwino kwambiri.

Taganizirani mtsinje ukamasefukira mu Januwale. Umanyamula zonse, miyala, mchenga, dothi. Ukafika pa damu madzi amafatsa. Mchenga, poti ngolemera, umagwa pakhomo pomwepo. Koma dothi lonyalanyala lija, limene limadetsa madzi, limayandama masiku ambiri n'kukagwa pakatikati. Chaka ndi chaka zimatero. Ndiye damu lili ngati sefa: lasankha dothi lopepuka la chigwa chonse n'kulisonkhanitsa malo amodzi. Madzi akachoka, mwatsala ndi bwalo lalikulu lathyathyathya, lopanda udzu, lopanda mtengo, lodzaza ufa. Mphepo ikafika pamenepo palibe choipunthwitsa.

Poyamba matopewo amauma n'kupanga chikhakha pamwamba, ndipo chikhakhacho chimateteza. Vuto limayamba chikasweka. Ng'ombe zikamapita ku kathamanda kaja, ziboda zimaphwanya. Ngolo zimaphwanya. Ndiponso mchenga wokha umene mphepo ikukankha sumauluka, umadumphadumpha pansi, ndipo paliponse pamene wagwa umagumula timbewu ta dothi n'kutiponya m'mwamba. Timeneto ndi timene sitibwereranso pansi msanga.

Mayi wa ku Mchini
Aphunzitsi, za ng'ombezo ndi zoona ndithu. Midzi itatu yonse ikumwetsa pamenepo. Njira za ng'ombe zachita kuyera, ndipo fumbi likuyambira m'njirazo.

Mlamu wa ku Zomba
Ndilowepo, ngakhale ndine mkamwini kuno. Kwathu ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo zimene mukukambazi ndinaziona pa nyanja yeniyeni. Chilwa ndi yosazama, ndiponso ilibe mtsinje wotuluka. Madzi amalowa kuchokera ku mapiri a Zomba ndi Mulanje, koma potuluka amangotengedwa ndi dzuwa. N'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere. Bambo anga ankasimba za 1968 pamene inauma. Ya 1995 ndinali mnyamata. Ya 2018 ndinapita ndekha ku doko la Kachulu. Mabwato anali atakhala pa matope ngati wina wawataya, maso akayang'ana ku chilumba cha Chisi ankangoona dothi lotuwa. Matemba amene mumagula pa msika wa Kapata aja, ena amachokera kumeneko, ndipo chaka chimenecho asodzi anasamuka.

Chimene sindidzaiwala ndi kukoma kwa mpweya. Masana akamvuluvulu ankadzuka atatu anayi nthawi imodzi, akuyenda pa nyanja pamene kale pankayenda mabwato. Milomo inkang'ambika, maso kuwawa ngati mwalowa sopo. Madzi akamauma amasiya mchere wawo pamwamba, woyera ngati phulusa, ndipo ukauponda umangofumbutuka. Achimwene a njinga, fumbi la mumsewu limadetsa malaya, koma ilo limaluma.

Wa njinga ku Kapata
Alamu, za Chilwa sindingatsutse, munaona ndinu. Koma kadamu ka kumudzi ndi nyanja n'zofanana?

Mphunzitsi wa ku Katete
Kukula n'kosiyana, ndipo madamu athu ambiri alibe mchere ngati Chilwa chifukwa madzi amasefukira n'kupitirira nyengo ya mvula. Koma nyumba ikakhala mamita 200 kuchokera pa damu, mbali imene mphepo imalowera, chifuwa cha mwana sichifunsa kuti ndi nyanja kapena damu.

Dalaivala wa thiraki
Ine ndimayenda njira ya Kazungula kupita ku Johannesburg. Ukadutsa mlatho wa ku Kazungula kulowa m'Botswana n'kutsika mpaka ku Nata, kudzanja lamanja kuli Makgadikgadi. Amati kalekale inali nyanja yaikulu zedi, lero ndi chigwa choyera cha mchere, maso sangaone malire. Ku Sowa mpaka anamangako fakitale yokumba mchere ndi soda. Mu Ogasiti ndi Seputembala ndaonako kumwamba kutayera mbuu, dzuwa likuoneka ngati mwezi, ndipo timayatsa magetsi masana. Ukafika ku Francistown n'kugwedeza sefa ya mpweya ya injini, chimatuluka chimtambo. Nthawi zonse ndimadzifunsa, ngati chitsulo chikutsamwa chonchi, nanga ife amene tilibe sefa yosintha?

Namwino wopuma ntchito
Ndabwera. Adalaivala mwandiyambira bwino. Sefa tili nayo, ndi mphuno, koma imagwira zazikulu zokha. Fumbi limene mukuliona ndi maso, limene mumamina likutuluka lakuda, limenelo thupi limalimbana nalo. Choopsa ndi chimene simuchiona. A zaumoyo amachigawa pawiri: PM10 ndi PM2.5. Manambalawo ndi kukula kwa kambewu kamodzi. Tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi pafupifupi 70 pa muyeso womwewo, ndiye ganizirani kanthu ka 10, kenaka ka 2.5. Ka 10 kamadutsa mphuno n'kukafika m'njira za mpweya. Ka 2.5 kamakafika pansi penipeni pa mapapo, ndipo kena kamalowa m'magazi. Fumbi la pa matope ouma lambiri limakhala la PM10, utsi wa tchire ndi wa mbaula ndiye wodzaza PM2.5. Miyezi inoyi mwana akupuma zonse ziwiri pamodzi.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO mu 2021 linatsitsa malire ake: pa tsiku limodzi PM10 isapitirire 45, PM2.5 isapitirire 15, pa muyeso wa ma microgram mu cubic metre imodzi ya mpweya. Bungwe lomwelo linati mu 2019 anthu pafupifupi 4.2 miliyoni pa dziko lonse anamwalira msanga chifukwa cha mpweya woipa wa panja. Ambiri mwa iwo si chifuwa chokha ayi, ndi mtima ndi sitiroko. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito, ikafika Seputembala benchi ya odwala inkadzaza ana a maso ofiira ndi agogo opuma mwa befu. Tinkangoti ndi nyengo.

Mayi wa ku Mchini
Amayi namwino, nanga chitenje chomanga kumphuno chimathandiza?

Namwino wopuma ntchito
Chimachepetsa zazikuluzo, koma ting'onoting'ono timadutsa. Masiki a N95 ndiwo amagwira, akakhala okwana bwino pankhope. Kwa mwana wa zaka 6 chachikulu n'kumuchotsa panja mphepo ikayamba, kutseka zenera la mbali ya damu, ndi kuwaza madzi musanasese. Ndipo akayamba kulira ngati mluzu pachifuwa kapena kulephera kumaliza mawu, musadikire kuti kuche.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa dothi lenilenilo. Fumbi limanyamula chilichonse chimene chinali m'dothimo. Tonse tikudziwa za Kabwe. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akumeneko akupezeka ndi mtovu m'magazi, ndipo njira yaikulu ndi fumbi la pabwalo pamene amasewera. Sindikunena kuti m'damu la ku Chadiza muli mtovu. Ndikungofunsa kuti zaka zonsezi mwakhala mukulowa chiyani. Ndowe, zimbudzi zosefukira, madzi otsukira mipope ya mankhwala a thonje ndi a tomato.

Mlimi wa ku Vubwi
Apo mwalasa, amayi. Ndi angati mwa ife amene sanatsukepo sipuleya mumtsinje? Ine ndinasiya nditaona nsomba zitayandama, koma zaka zambiri ndinkatero.

Mphunzitsi wa ku Katete
Nkhani ya thonjeyo ndi imene inapha nyanja ya Aral, pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan. Ndimaiphunzitsa chaka chilichonse ndipo imandikhudzabe. Mu 1960 inali nyanja yachinayi kukula pa dziko lonse, pafupifupi masikweya kilomita 68,000, kuposa nyanja ya Malawi kawiri. Boma la Soviet Union linapatutsa mitsinje iwiri yoidyetsa, Amu Darya ndi Syr Darya, kuti azithirira minda ya thonje. Nyanja inayamba kubwerera m'mbuyo. Tauni ya Moynaq, imene inali doko la asodzi, lero ili kutali ndi madzi makilomita oposa 100, zombo zachita dzimbiri pamchenga. Pansi pa nyanja pasanduka chipululu chatsopano chimene anachipatsa dzina loti Aralkum. Ndipo mankhwala onse amene ankatsika m'minda ya thonje kwa zaka makumi anatsala m'matopemo pamodzi ndi mchere. Mphepo ikawomba, zimabwerera kwa anthu ndi m'minda yomweyo. Matenda a chifuwa ndi kuchepa kwa magazi n'zofala kwambiri kumeneko.

Ku America nakonso zilipo. Nyanja ya Great Salt Lake inatsika kuposa kale lonse mu 2022, ndipo m'matope ake anapezamo poizoni wotchedwa arsenic, pomwe mzinda waukulu uli pafupi.

Wa njinga ku Kapata
Aphunzitsi, zimenezo zandiopsa. Ndiye nyanja zikuuma chifukwa cha anthu kapena mvula? Chifukwa mu 2024 palibe anapatutsa Zambezi, koma Kariba inatsika mpaka tinkakhala tsiku lonse opanda magetsi.

Mphunzitsi wa ku Katete
Zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri zimathandizana. Cha 2024 chinali chilala cha El Niño, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi ya dziko lonse. Nyanja ya Chad inali pafupifupi masikweya kilomita 25,000 m'ma 1960, zilala za m'ma 1970 ndi 1980 zinaichepetsa mpaka kutsala kagawo kamodzi mwa magawo khumi. Aral ndiye anali manja a anthu. Madamu athu kuno ali ndi matenda awoawo: kukwiririka. Tikadula mitengo m'mapiri n'kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, dothi lonse limatsikira m'damu. Damu limene linali lakuya mamita anayi limatsala mita imodzi ndi theka, ndiye dzuwa la Okutobala silichedwa kulimaliza.

Gogo wa ku Chadiza
Ana inu, mdzukulu wandiwerengera zonsezi ndipo akundilembera. Damu limene mwana wanuyo akunena sindikudziwa ngati ndi lathu lino, koma onse akufanana. Kale m'mphepete monse munali bango ndi nsenjere, munthu sunkaona madzi uli patali. Madzi akatsika, bango linkatsala chilili, mphepo inkathera m'menemo. Kumtunda kwake kunali dambo la makande limene ngakhale mu Novembala ukaponda phazi linkanyowa. Mfumu inkaletsa kulima pafupi ndi kasupe, ndipo ng'ombe zinali ndi pomwera pake pamodzi. Bango tinamweta lonse, mphasa ndi mipanda ya madimba. Dambo tinalima. Nafenso tinali ndi njala, sindikunamiza munthu. Koma fumbi lotuwalo ine ndinayamba kuliona ndili kale ndi zidzukulu.

Mayi wa ku Mchini
Zikomo agogo. Bangolo ndikulikumbukira, tinkabisalamo. Lero kulibe ndi limodzi lomwe.

Woumba njerwa ku Navutika
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete chifukwa ndikudziwa kuti posachedwa chala chiloza ife. Inde timakumba m'madambo ndi m'mphepete mwa madamu, chifukwa dothi labwino ndi madzi zili pamenepo. Nyumba zimene mukugonamo ku Chipata kuno njerwa zake zinachokera kumeneko. Koma ndifunse: ngati vuto ndi matope odzaza m'damu, bwanji osatilola tikumbe matope omwewo m'katimo, damu lizame, ife tipeze dothi? M'malo moti tizikanganirana m'mphepete.

Mlimi wa ku Vubwi
Maganizo amenewo si oipa, achimwene. Matope a m'damu ndi nthaka yathu yomwe inathawa m'minda. Ine ndinatutako ngolo zingapo kuika m'dimba, kabichi anachita bwino kuposa wa fetereza. Kungoti nthawi yake ndi pamene akadali a chinyezi. Mukakumba atauma gwa, ndiye mwaphwanya chikhakha chija aphunzitsi anena, fumbi liwirikiza. Ndiponso osayandikira khoma la damu, mungalibowole.

Namwino wopuma ntchito
Ndipo okumbawo amange kumphuno. Nkhuni zootchera njerwazo ndi nkhani ina, koma lero tisaiyambe.

Mphunzitsi wa ku Katete
Zoti matope ndi chakudya cha mbewu zandikumbutsa chinthu chimene ana asukulu sakhulupirira ndikawauza. Malo amene amatulutsa fumbi lambiri kuposa ena onse pa dziko lapansi ali ku Chad, amatchedwa Bodélé. Nawonso ndi pansi pa nyanja yakalekale. Dothi lake ndi loyera chifukwa ndi zigoba za tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi timene tinafa zaka zikwi zapitazo. Mphepo imapanikizika pakati pa mapiri awiri n'kutulukira pamenepo mwamphamvu. Fumbilo limawoloka nyanja ya Atlantic, lina n'kukagwa ku nkhalango ya Amazon, litanyamula phosphorus, yemweyo amene timagula mu fetereza wa D compound. Koma anthu a ku West Africa amene ali panjira yake amalipuma m'nyengo ya mphepo ya Harmattan, ndipo m'maiko a Sahel, m'mphepete mwa chipululu cha Sahara chakumwera, nyengo youma ya fumbiyo ndi imenenso matenda oumitsa khosi amabuka.

Mlamu wa ku Zomba
Nanga alipo amene anakwanitsa kulithetsa? Kwathu timangodikira mvula. Chilwa imabwerera yokha zaka za mvula yambiri, fumbi n'kutha, anthu n'kuiwala.

Mphunzitsi wa ku Katete
Alipo, alamu, koma pa mtengo wowawa. Ku California kuli Owens Lake. Mzinda wa Los Angeles unayamba kutenga madzi a mtsinje wake mu 1913, pofika 1926 nyanja inali itauma, ndipo inadzakhala malo otulutsa fumbi la PM10 lambiri kuposa ena onse mu United States. Malamulo atawakakamiza, a mzindawo awononga ndalama zoposa madola 2 biliyoni. Njira zake mukazimva mudabwa kuphweka: kuthira madzi osaya kuti pansi pazikhala ponyowa, kubzala udzu wopirira mchere, kuyala miyala, ndi kulima mizere ikuluikulu kuti mphepo izipunthwa. Ku Aral, Kazakhstan inamanga khoma la Kok-Aral mu 2005, mbali ya kumpoto madzi anakwera, nsomba zinabwerera. Mbali ya kumwera akubzala zitsamba za m'chipululu pansi pa nyanja kuti zigwire dothi.

Mukaziyang'anitsitsa, ndi zimene agogo a ku Chadiza anena: chinyezi, mizu, ndi chotchinga mphepo. Bango linkachita zitatu zonsezo.

Wa ku Mfuwe
Kuno kuchigwa timaziona chaka chilichonse. Mathamanda amene Luangwa imasiya ikasintha njira amauma pofika Okutobala, mvuu zimadzazana m'madziwe otsala, njati zikamatsika kukamwa fumbi limaoneka uli kutali. Koma ndaona kuti thamanda lozunguliridwa ndi mitengo ndi udzu fumbi lake limathera pomwepo. Lomwe lili poyera, pafupi ndi midzi, ndiye limalowa m'nyumba.

Wa njinga ku Kapata
Chabwino, ndavomera kuti la pa damu ndi lina. Komabe ndikupempha, tikamakamba za mpweya tisaiwale misewu ya m'makomboni ndi moto wa tchire. Madzulo ukakwera cha ku Kanjala n'kuyang'ana tauni, utsi ndi fumbi zimakhala zitagona pamwamba pa nyumba chifukwa mapiri atizinga. Ife a njinga timatsokomola mpaka mvula yoyamba.

Namwino wopuma ntchito
Palibe akukutsutsa, mwana wanga. Ndipo chifuwa chikapitirira masabata awiri ukayezetse makhololo, usangoti ndi fumbi. TB imabisala m'mawu amenewo.

Mlimi wa ku Vubwi
Kwa achemwali a ku Mchini: ngati kumudziko ali ndi komiti ya damu, yambirani pamenepo. Choyamba n'chosafuna ndalama, ng'ombe zikhale ndi njira imodzi yopita kumadzi, osati paliponse. Chachiwiri, udzu wa m'mphepete asatenthe chaka chino. Vetiva, udzu wogwira nthaka uja, ndili naye wambiri m'migula yanga, mvula ikagwa bwerani mudzazule, amagwira msanga ndipo mizu yake imapita pansi kwambiri. Bango limamera ndi zitsinde, mukhoza kukatenga kumtsinje. Mbali ya mudzi mubzale mzere wa mitengo, koma osati bulugamu pafupi ndi madzi, ndipo pa khoma la damu pasakhale mtengo uliwonse.

Gogo wa ku Chadiza
Mukapite kwa anyakwawa kaye, musayambe ndi komiti. Nkhani ya njira ya ng'ombe imakhudza midzi itatu, ndipo mwana wamkazi wokhala m'tauni akangofika n'kuyamba kuloza, amuna a ng'ombe sadzamva. Mutenge amalume anu akakulankhulireni. Mukanene za mwana amene anabanika usiku, chifukwa aliyense kumeneko ali ndi wake amene akutsokomola.

Mayi wa ku Mchini
Ndamva agogo, ndichita momwemo. Ndawaimbira amalume, akuti Loweruka lino kuli kale msonkhano wa za fetereza kwa anyakwawa, ndiye adzaikapo nkhaniyi pamapeto. Mwana ndimusiya kuno kwa apongozi. Amayi ndawawerengera zimene alamu a ku Zomba alemba, anakhala chete, kenaka akuti nawonso maso akhala akuwawawa kuyambira Ogasiti koma sanafune kundiuza. Abambo a ku Vubwi, vetivayo mundisungire. Damulo mbali ya mudzi ndi mayadi ngati 150, kodi pangafunike mitolo ingati?

Mlimi wa ku Vubwi
Tsinde limodzi lalikulu limagawika tizidutswa tambiri, ndipo mumabzala motalikana ngati chikhatho chimodzi. Pa mizere iwiri ngolo imodzi ikwana. Mundiuze mvula ikagwa kawiri, nthaka ikalowa madzi, ndidzatumiza mnyamata ndi ngolo mpaka pa mphambano.